Chimene Chimakweza ndi Kugwetsa Kutchuka kwa Atsogoleri, Mafashoni ndi Katundu

Chaka cha 2024 chinasiya anthu ambiri otsatira nkhani za ndale ali kakasi. M'mwezi wa May chipani cha ANC cha ku South Africa, chimene pa chisankho cha 2004 chinapeza mavoti pafupifupi 70 pa 100 alionse, chinangopeza mavoti 40 pa 100, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire 1994 sichinakwanitse kukhala ndi aphungu oposa theka m'nyumba ya malamulo. Mu July chipani cha Conservative chinatuluka m'boma ku Britain chitalamula zaka 14, ndipo mu October chipani cha BDP, chimene chinalamula dziko la Botswana kuyambira pamene linalandira ufulu mu 1966, chinagonja nachonso. Mayiko amenewa ndi osiyana pa mbiri ndi pa chuma, ndipo lililonse lili ndi zifukwa zakezake, koma funso limene linali m'kamwam'kamwa mwa anthu linali limodzi: zimatheka bwanji kuti anthu omwewo amene ankawomba m'manja dzulo afulatire lero?

Funso limeneli silithera pa ndale pokha. Munthu akatsegula kabati n'kupezamo foni yakale imene anailakalaka kwa miyezi yambiri asanaigule, kapena akaona chithunzi chake atavala chovala chimene lero sangatuluke nacho panja, amakumana ndi nkhani yomweyi. Akatswiri a maphunziro a chikhalidwe cha anthu, a zamaganizo, a zamalonda ndi a zandale akhala akuifufuza kwa zaka zoposa 100, ndipo zambiri zimene apeza zimaloza kumodzi: mbali yaikulu ya kutchuka imachokera pa zimene anthu akuona anzawo akuchita, ndipo mphamvu imene imakweza chinthu mofulumira ndi yomweyo imene imadzachitsitsa.

Kutchuka n'chiyani, ndipo amakuyeza bwanji?

Mawu oti kutchuka amanyamula zinthu zitatu zimene ziyenera kusiyanitsidwa. Pali kudziwika, kutanthauza kuti anthu ambiri analimvapo dzinalo. Pali kukondedwa, kutanthauza kuti akalimva amasangalala nalo. Ndiye pali kudaliridwa, kumene kumachititsa munthu kukhalabe ndi mtsogoleri kapena katundu wina ngakhale zinthu zitavuta. Munthu akhoza kudziwika dziko lonse koma osakondedwa, ndipo akhoza kukondedwa ndi anthu amene sangamuvotere. Chisokonezo chambiri chimabwera pamene chiwerengero choyeza chimodzi mwa zitatuzi chitengedwa ngati chikuyeza zonse.

Kutchuka kwa katundu kumaoneka pa kuchuluka kwa zimene zagulidwa. Kwa atsogoleri, pakati pa chisankho china ndi chinzake, amagwiritsa ntchito kafukufuku wa maganizo a anthu, pamene ofufuza amafunsa anthu ochepa n'cholinga chofuna kudziwa maganizo a dziko lonse. Zili ngati dokotala amene amatenga magazi ochepa chabe m'thupi n'kudziwa matenda a thupi lonse, popeza magaziwo ndi osakanikirana bwino. Kafukufuku wa anthu 1,000 osankhidwa mwachisawawa, mosakondera dera, msinkhu kapena chuma, nthawi zambiri amaphonya ndi mavoti atatu okha pa 100 alionse, kaya mokweza kapena motsitsa.

Kusankha bwino ofunsidwa n'kofunika kuposa kuchuluka kwawo, ndipo zimenezi zinaonekera poyera ku America mu 1936. Magazini ya Literary Digest inatumiza mapepala ofunsira okwana 10 miliyoni, n'kulandira mayankho oposa 2 miliyoni, ndipo inalosera kuti pa chisankho cha pulezidenti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt. George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewa, analosera kuti apambana ndi Roosevelt, ndipo Roosevelt anapambanadi m'zigawo 46 mwa zigawo 48. Magaziniyo inatenga mayina ambiri m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, anthu amene pa nthawi ya mavuto azachuma imeneyo anali opezako bwino, komanso amene anayankha anali okhawo amene anali ndi chidwi chobweza pepalalo.

Mmene chinthu chimakwerera

Chiyambi cha kukondedwa nthawi zambiri ndi kuzolowereka. Mu 1968 katswiri wa zamaganizo Robert Zajonc anaonetsa anthu mawu opanda tanthauzo, zilembo zachilendo ndi zithunzi za nkhope za anthu osawadziwa, ndipo anapeza kuti chimene munthu wachiona kambirimbiri amayamba kuchikonda kuposa chimene wachiona kamodzi. N'chifukwa chake nyimbo imene poyamba inkamveka ngati phokoso imayamba kukoma ikamveka kangapo, ndipo n'chifukwa chakenso otsatsa malonda ndi andale amawononga ndalama zambiri pongofuna kuti dzina lizioneka paliponse.

Mphamvu yachiwiri, imene ndi yaikulu koposa, ndiyo kuyang'ana anzathu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Solomon Asch ankalowetsa wophunzira mmodzi m'chipinda mmene munali anthu ena angapo, amene mwachinsinsi anali atagwirizana kale ndi wofufuzayo. Onse ankawaonetsa khadi lokhala ndi mzere umodzi, ndi khadi lina lokhala ndi mizere itatu yosiyana kutalika, n'kuwafunsa kuti wofanana ndi woyamba uja ndi uti. Yankho linali loonekeratu, koma anthu ogwirizana aja ankatchula mzere wolakwika mmodzi ndi mmodzi, mokweza ndi mosakayika, mpaka nthawi ya wophunzira uja kukwana. Ena ankasuzumira khadilo kawiri, ena ankaseka mwamanyazi, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse anatsatira gulu kamodzi kapena kuposerapo, kukana zimene maso awo ankaona. Asch anapezanso mfundo ina imene tidzaifuna kutsogoloku: pakakhala munthu mmodzi yekha m'chipindamo amene watchula yankho loona, kutengeka ndi gulu kunkatsika kwambiri.

Kutengera anzathu si uchitsiru, ndipo ndi bwino kunena zimenezi momveka. Palibe munthu amene ali ndi nthawi yoyesa foni iliyonse, kumvera nyimbo iliyonse kapena kuwerenga mfundo zonse za chipani chilichonse, choncho kuona zimene ena asankha ndi njira yachidule imene nthawi zambiri imathandiza. Vuto lake ndi lakuti njira imeneyi imakulitsa kusiyana kochepa kumene kunangochitika mwamwayi pachiyambi. Mu 2006 Matthew Salganik, Peter Dodds ndi Duncan Watts anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachitira pa intaneti ndi anthu oposa 14,000. Anawapatsa nyimbo 48 za oimba osadziwika, n'kuwagawa m'magulu osaonana. Gulu lina linkasankha nyimbo popanda kudziwa zimene ena asankha, pamene magulu ena asanu ndi atatu ankaona kuti nyimbo iliyonse yatengedwa kangati ndi anzawo a m'gulu lomwelo. M'magulu oonerana aja, nyimbo zotchuka zinatchuka mopitirira muyezo, ndipo chodabwitsa kwambiri chinali chakuti nyimbo imene inali pamwamba m'gulu lina inkapezeka pakati kapena pansi m'gulu linzake. Nyimbo zabwino kwambiri sizinkagwa kawirikawiri, zoipa kwambiri sizinkakwera kawirikawiri, koma kwa zapakatikati chilichonse chinali chotheka. Ubwino wa chinthu umachipatsa mwayi wolowa mu mpikisano, pamene malo amene chidzathere amadalira kwambiri amene anayamba kuchisankha ndiponso amene anawaona akuchisankha.

Kufalikira kwa chinthu chatsopano kuli ndi kayendedwe kake kodziwika. Mu 1943 Bryce Ryan ndi Neal Gross anafufuza mmene mbewu yatsopano ya haibridi inafalikira pakati pa alimi a ku Iowa, ku America, ndipo anapeza kuti ambiri anamva za mbewuyo kwa ogulitsa, koma amene anawachititsa kuti aibzale anali alimi anzawo oyandikana nawo, ndipo panapita zaka zingapo kuchokera pa kumva kufika pa kubzala munda wonse. Mu 1962 Everett Rogers anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wotere n'kugawa anthu m'magulu asanu: oyambitsa, amene ndi pafupifupi 2.5 pa 100 alionse; olandira msanga, 13.5; unyinji woyamba, 34; unyinji wochedwa, 34; ndi otsalira, 16. Chinthu chimayenda pang'onopang'ono pamene chili kwa oyambitsa okha, kenako chimafala ngati moto wolusa chikafika kwa anthu olemekezeka amene anzawo amawafunsa nzeru, ndipo pomaliza chimazilala chifukwa anthu oti achilandire atha.

Chifukwa chake fashoni siikhalitsa

Pa mafashoni, kukwera kwenikweniko ndi kumene kumabweretsa kugwa. Katswiri wa ku Germany Georg Simmel analemba mu 1904 kuti munthu amakokedwa ndi zilakolako ziwiri zotsutsana: kufuna kufanana ndi gulu limene amalisirira, ndi kufuna kusiyana ndi unyinji. Anthu ochepa akayamba kuvala mwanjira ina, chovalacho chimakhala chizindikiro chowasiyanitsa. Ena amawatsanzira kuti afanane nawo, ndipo chovalacho chikafika kwa aliyense chimasiya kugwira ntchito yosiyanitsa ija, moti oyamba aja amachitaya n'kufunafuna china. Nsalu ndi masokedwe zimakhala zisanasinthe, koma uthenga umene chovalacho chimapereka wasintha. Simmel ankaona mafashoni akutsika kuchokera kwa olemera kupita kwa osauka, ngakhale kuti mbiri yaonetsanso ambiri akukwera kuchokera pansi, monga thalauza ya jinzi imene inayamba ngati chovala cholimba cha anthu ogwira ntchito zolemetsa.

Mu 1937 James Laver, katswiri wa mbiri ya zovala wa ku Britain, anafotokoza mmene maso a anthu amasinthira pa chovala chimodzi chomwecho. Zaka khumi nthawi yake isanafike chimaoneka chosayenera, kutatsala chaka chimodzi chimaoneka cha anthu olimba mtima, pa nthawi yake chimaoneka chokongola, patatha chaka chimaoneka chachikale, patatha zaka khumi chimanyansa, patatha zaka 20 chimaseketsa, ndipo patatha zaka 150 anthu amachitchanso chokongola. Ziwerengero za zakazi siziyenera kutengedwa ngati lamulo, makamaka masiku ano pamene mafashoni akuzungulira mofulumira, koma dongosolo lake likuonekabe.

Liwiro la kukwera nalonso lili ndi zotsatira. Jonah Berger ndi Gaël Le Mens anafufuza mayina amene makolo a ku France ndi ku America ankapatsa ana awo kwa zaka pafupifupi 100, ndipo mu 2009 anafalitsa zoti mayina amene anatchuka mwadzidzidzi ndi amene anasiyidwanso msanga. Kafukufukuyu ndi wothandiza chifukwa dzina siligulidwa, silitha ntchito ndipo palibe kampani imene imalitsatsa. Makolo akaona dzina likukwera mothamanga amaliganizira kuti ndi lakanthawi chabe, amalipewa, ndipo kulipewa kwawoko ndi kumene kumalichititsa kukhala lakanthawi. Akuluakulu anati ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika, ndipo pa nkhani ya mayinayi ziwerengero zinagwirizana nawo.

Katundu amene ankaoneka ngati sangagwe

Katundu amagwa pa zifukwa zonse zimene tatchulazi, kuphatikizapo china chimodzi: kubwera kwa chinthu chimene chasintha zimene ogula akuyembekezera. Mu 2007 kampani ya Nokia ya ku Finland inkagulitsa pafupifupi mafoni anayi pa mafoni khumi alionse ogulidwa padziko lapansi, ndipo mafoni ake ankadziwika ndi kulimba komanso batire losatha msanga. Chaka chomwecho kampani ya Apple inatulutsa iPhone, ndipo mu 2008 kunabwera mafoni oyendera Android. Mafoni a Nokia sanasiye kulimba, koma ogula anasiya kufunsa za kulimba n'kuyamba kufunsa za intaneti ndi mapulogalamu. Mu 2013 Nokia inalengeza zogulitsa gawo lake lopanga mafoni ku Microsoft pa mtengo wa mayuro 5.44 biliyoni. Kampani ya Kodak inakumana ndi zofanana: injiniya wake Steven Sasson ndi amene anapanga kamera yoyamba ya dijito mu 1975, koma phindu la kampaniyo linkachokera ku mafilimu ojambulira, ndipo mu January 2012 inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake.

Pali mtundu wina wa katundu umene phindu lake ndi anthu ena amene akuugwiritsa ntchito. Foni imodzi yokha padziko ilibe ntchito, ndipo tsamba la mchezo lopanda anzako lilibe chokopa. Katundu wotere amakwera mwamphamvu chifukwa munthu aliyense wolowa amakoka ena, koma amagwanso mwanjira yomweyo, popeza aliyense wotuluka amachepetsa chifukwa choti otsalawo akhalebe. Tsamba la MySpace linagulidwa ndi News Corporation mu 2005 pa madola 580 miliyoni, Facebook inalipitirira patangopita zaka zochepa, ndipo mu 2011 linagulitsidwa pa madola pafupifupi 35 miliyoni.

Atsogoleri ndi mtengo wa kulamula

Mtsogoleri watsopano nthawi zambiri amayamba ndi chikoka chachikulu, chifukwa amene anamuvotera amakhala ndi chiyembekezo ndipo ena amene sanamuvotere amafuna kumupatsa mpata. Pa nthawi imeneyi aliyense amamuona monga mmene akufunira, popeza sanapange chiganizo chimene chakhumudwitsa wina. Katswiri wa zandale John Mueller anafotokoza mu 1970 chimene chimatsatira. Chiganizo chilichonse cha boma, ngakhale chosangalatsa anthu ambiri, chimakhumudwitsa kagulu kena: lero alimi, mawa aphunzitsi, mkuja amalonda. Timagulu timeneti sitiiwala msanga, ndipo m'kupita kwa nthawi timaunjikana mpaka kukhala unyinji. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo zina mwa nkhonyazo zimabwera chifukwa cha zinthu zimene mtsogoleri sangathe kuzilamula yekha, monga chilala, miliri kapena kukwera mitengo kwa zinthu padziko lonse, kumene kunavutitsa maboma ambiri amene anapita ku chisankho mu 2024.

Mueller anafotokozanso kukwera kwadzidzidzi kumene kumachitika dziko likakumana ndi nkhondo kapena chiopsezo chochokera kunja, pamene anthu amaiwala kaye kusiyana kwawo n'kuima pambuyo pa mtsogoleri. Kukwera kotere kumakhala kwakukulu koma sikukhalitsa. Malinga ndi kafukufuku wa Gallup, pulezidenti wa America George H. W. Bush ankavomerezedwa ndi anthu 89 pa 100 alionse nkhondo ya ku Gulf itangotha mu 1991, koma pakati pa chaka cha 1992 anali atatsika kufika pa 29 chifukwa cha mavuto azachuma, ndipo mu November anagonja kwa Bill Clinton. Mwana wake, George W. Bush, anafika pa 90 pambuyo pa chiwembu cha zigawenga cha pa 11 September 2001, n'kutsika mpaka 25 mu 2008.

Nkhani ya Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, imaonetsa bwino kusiyana kwa kukondedwa ndi kuvoteredwa. Mu May 1945 makamu a anthu anamusangalalira mu London nkhondo ya ku Ulaya itatha, koma mu July chaka chomwecho chipani chake chinagonja kwambiri kwa chipani cha Labour cha Clement Attlee, chimene chinapeza mipando 393 mwa mipando 640. Anthu ankamulemekezabe ngati mtsogoleri wa nthawi ya nkhondo, koma funso limene anali nalo tsopano linali la nyumba, ntchito ndi chithandizo cha zaumoyo. Kutchuka kumadaliranso amene akufunsidwa: Mikhail Gorbachev, mtsogoleri womaliza wa Soviet Union, analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1990 ndipo ankatamandidwa m'mayiko a azungu, koma ataima pa chisankho cha pulezidenti ku Russia mu 1996 sanapeze ngakhale voti imodzi pa 100 alionse.

Pamene kugwa kukuoneka ngati kwadzidzidzi

Nthawi zina kutchuka kumene kukuoneka kunja kumakhala kuti kunatha kalekale mkati. Mu 1974 Elisabeth Noelle-Neumann wa ku Germany anafotokoza kuti anthu amaopa kusalidwa, choncho munthu akaganiza kuti maganizo ake ndi a anthu ochepa amakhala chete, ndipo chete wakeyo amachititsa ena kuganiza kuti nawonso ali okha. Zotsatira zake, anthu ambiri akhoza kukhala otopa ndi mtsogoleri, fashoni kapena katundu, aliyense n'kumaganiza kuti watopa yekha.

Nicolae Ceaușescu analamula dziko la Romania kuyambira 1965, ndipo mu November 1989 msonkhano wa chipani chake unamusankhanso popanda wotsutsa. Pa 21 December chaka chomwecho anaima pakhonde la likulu la chipani mu Bucharest kuti alankhule ku khamu limene boma linasonkhanitsa, anthu atanyamula mbendera ndi zithunzi zake, wailesi yakanema ikuulutsa zonse. Patangopita mphindi zochepa, kumbuyo kwa khamulo kunamveka phokoso ndi kukuwiza. Iye anaima pakati pa chiganizo, n'kukweza dzanja kuti anthu akhale chete, nkhope yake ikuonetsa kusokonezeka, ndipo dziko lonse linaona nkhope imeneyo kuulutsako kusanadulidwe. Tsiku lotsatira anathawa pa helikopita, ndipo pa 25 December anaphedwa pamodzi ndi mkazi wake. Maganizo a anthu a ku Romania sanasinthe m'masiku anayi amenewo. Chimene chinasintha n'chakuti aliyense anadziwa kuti anzake akuganiza zofanana ndi iye, monga wophunzira wa m'chipinda cha Asch atamva munthu mmodzi akutchula mzere woona.

Kufunika komvetsa zimenezi masiku ano

Masamba a mchezo awonjezera liwiro la zonsezi. Chiwerengero cha anthu amene aona, akonda kapena agawana chinthu chimalembedwa pambali pa chinthucho, monga zinalili m'magulu oonerana a nyimbo 48 aja. Komanso algorithm, imene ndi ndondomeko ya masamu imene kompyuta imatsatira posankha zoti munthu aone, imakonda kuonetsa zimene zayamba kale kukopa anthu. Chinthu chimene kale chikanatenga zaka kuti chifalikire chimafika kwa anthu mamiliyoni m'sabata imodzi, ndipo chimawatopetsanso msanga. Ziwerengero zoterezi zikhoza kugulidwa kapena kukwezedwa ndi maakaunti abodza, ndipo popeza anthu amatsatira zimene zikuoneka kuti n'zotchuka, kutchuka kwabodza kukhoza kubala kutchuka kwenikweni.

Choncho munthu akamva kuti mtsogoleri wakwera kapena katundu wina akuyenda malonda, pali mafunso amene amathandiza kumvetsa chiwerengerocho. Anafunsidwa ndani, angati, ndipo anasankhidwa bwanji? Anali omasuka kunena zakukhosi? Chiwerengerocho chikuyeza kudziwika, kukondedwa kapena kudaliridwa? Chinakwera pang'onopang'ono kapena chinalumpha chifukwa cha chochitika chimodzi? Kusintha kwa mavoti awiri kapena atatu pa 100 alionse pakati pa kafukufuku wina ndi mnzake nthawi zambiri sikutanthauza kanthu, chifukwa kuli mkati mwa malire a kuphonya amene tatchula kale.

Kugwa nakonso sikukhala komaliza nthawi zonse, chifukwa anthu oweruza amasintha. Churchill anabwereranso pa udindo mu 1951. Harry Truman anatsika kufika pa 22 pa 100 alionse mu February 1952, pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea, koma masiku ano akatswiri a mbiri yakale kawirikawiri amamuika pakati pa apulezidenti khumi opambana a dziko la America, popeza akuweruza ataona zotsatira zimene anthu a nthawi yake sakanatha kuziona. Mbale za galamafoni zinkaoneka kuti zatheratu pamene ma CD anafala, koma mu 2022 ku America kunagulidwa mbale 41 miliyoni poyerekeza ndi ma CD 33 miliyoni, ndipo aka kanali koyamba kuti mbale zipose ma CD chiyambire 1987. Ambiri mwa ogulawo ndi achinyamata amene anabadwa mbalezo zitasowa kale m'masitolo, ndipo kwa iwo mbale yakuda yozungulira pansi pa singano ndi chinthu chatsopano chimene chimawasiyanitsa ndi anzawo omvera nyimbo pa foni.